Mpweya wa Mkamwini

"Ndati sabata ino isathe alamuwo asadafike kwawo ku Kaphuka. Kodi ndikulankhula Chingerezi?"

A Gervazio adanena mawuwa ataima pabwalo, chipewa chaubweya chitafika m'makutu, pakuti mwezi wa Juni ukayamba kuno kunsi kwa Phiri la Dedza mphepo yake sisewera. Marita, mlongo wawo wamng'ono, adali pakhonde kusankha kachewere pachiguduli. Sadadzutse mutu.

"Tsitsani mawu, achimwene. Munthuyo ali m'nyumbamu, ndipo makutu ake sakudwala."

"Amve kumene! Mwini mbumba pano ndine. Mkamwini akadwala kufika pamenepa amabwerera kwa abale ake. Mwambowu sindidauyambe ine."

"Pamene ankakhoma denga la nyumba yanu, za ku Kaphuka simudazikumbuke. Pamene ankapala bokosi la malemu amayi, misozi ili mbwembwembwe ngati mwana wobala okha, mudati tapeza munthu. Lero chifuwa chamugwira wasanduka mlendo?"

"Iwe Marita, usandiwerengere zakale. Matendawa ukuwaona wekha, ndipo anthu akunong'ona kale. Akatisiya ali kuno, abale ake adzati tamudya ife. Ndiponso tinene chilungamo, mlongo wanga. Wamoyo amakwera ngolo, koma mtembo umafuna galimoto."

Kachewere amene adali m'manja mwa Marita adagwa n'kugubuduka mpaka pabwalo. Mawu amenewa ngoipa, ndipo chondipweteka ine n'chakuti sadatuluke m'kamwa mwa chidakwa. Adatuluka m'kamwa mwa wapampando wa kwaya ya parishi, mwini besi yomwe Lamulungu inkanjenjemeretsa malata a tchalitchi. Chidali chaka chachiwiri cha matipate, aliyense akuimba za ufulu wachibadwidwe pawailesi ndi pamsika pomwe, koma ufuluwo pakhomo la mkamwini wodwala udali usadafike.

M'nyumba mudamveka kutsokomola kwa nthawi yaitali, kenaka kugogoda pathabwa la bedi. Umo ndimo a Rafaelo, mkamwini wodwalayo, ankaitanira mkazi wawo chiyambire kuchepa mawu. Marita adalowa, ndipo posakhalitsa adatulukanso.

"Akuti ndikufunseni. Nanga nyimbo yolandirira Ukaristia ija, mukaitenga ku Kaphuka?"

A Gervazio adakanda m'chipewa. Apa ndiye adawagwira pofewa. Kumapeto kwa mweziwo kudali chikondwerero cha nkhoswe ya parishi, Petulo Woyera, ndipo bambo mfumu adapempha Misa yatsopano, ya mayimbidwe akwathu, ya ng'oma ndi visekese. Wopeka wake adali a Rafaelo, mmisiri wa matabwa amene nyimbo zinkangowabwerera akupala. Nyimbo zina zonse adaziphunzitsa asadagone, koma yomaliza, imene iwo ankati ndiyo mtima wa Misa yonse, idali ikadali m'mutu mwawo. Papepala sadalembepo chilichonse chibadwire.

"Asiyeni afike tsiku la chikondwerero, achimwene," adatero Marita, tsopano mofatsa. "Sakupempha munda, sakupempha manda. Akungofuna aimve nyimboyo anthu akuimba mawu onse anayi pamodzi. Tidzawanyamula pampando, adzakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko. Ikatha Misa, chitani zomwe mukufuna."

"Tiona," adayankha a Gervazio, n'kutembenuka.

Ntchito idayamba mawa lake, koma a kwaya palibe adabwera. Anthu omwe kale ankadzaza khonde lija mpaka kusowa pokhala, tsopano aliyense adapeza chochita. Wina kudimba, wina mwana watentha thupi, wina mwendo. Moni ankaperekera kumsewu, dzanja lili m'mwamba, miyendo osaima. Motero nyimbo idayenera kuyenda ndi Marita, munthu woti sadaimbepo m'kwaya, wa mawu wamba otontholetsera mwana, koma wa khutu logwira ngati ulimbo.

Dzuwa likakwera ankawatulutsa amuna ake kuseri kwa nyumba kuti awothere, atawakutira bulangete. Iye ankakhala pansi, khutu pafupi ndi pakamwa pawo, iwo n'kumamuimbira chapansipansi, chala chikugunda pabondo lake m'malo mwa ng'oma. Mawu ake adali ochepa:

Nkhungu ikaphimba phiri, phiri silichoka.
Inu mulipo, Ambuye, inu mulipo.

"Yapafupi chonchi, bambo a Monika?" adafunsa Marita tsiku loyamba.

"Imeneyo ndi sopulano yokha, nsanamira imodzi. Dikira zinzake. M'mutu mwangamu imamveka yonse, ndipo nthawi zina imandiopsa. Koma mutu umanama, mayi a Monika. Ndikufuna ndiimve ndi makutuwa, ndidziwe ngati Mulungu adandipatsadi kanthu kapena ndi malungo chabe."

Masana Marita ankatsetsereka kupita kutchalitchi, milomo ikuyenda njira yonse, osayankha moni kuopa kutaya nyimbo. Kumeneko ankaitula kwa a Vinsenti, mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni, amene adagwirizira udindo wotsogolera kwaya. Adatula sopulano, patapita masiku adatula aluto, kenaka tena. Ankaimba ndendende monga adamvera, osaonjeza, osachotsa. Akafika pa mawu akuti "Inu" ankaima, pakamwa pali yasa, kwa kanthawi ndithu, kenaka n'kumaliza kuti "mulipo." Adatero pa sopulano, adateronso pa aluto ndi tena, malo ake omwewo.

"Mayi, apa mwaiwala kapena?" adafunsa a Vinsenti. "Ng'oma ikhala ikutani nthawi yonseyi?"

"Sindidaiwale, aphunzitsi. Eni ake amaima pamenepo."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse."

A Vinsenti adapukusa mutu, koma ankawalemekeza a Rafaelo, choncho adalamula kuti pamalopo ng'oma ndi visekese ziziima nawonso. Tsiku limene adaphatikiza mawu atatu aja koyamba, Marita adali ataima pakhomo la tchalitchi. Sopulano idanyamuka yokha, yopyapyala, aluto n'kuilowa pansi, tena n'kubwera mozungulira ngati ikufuna njira. Zidakwera pamodzi mpaka pa "Inu," kenaka zii. Tchalitchi chonse chidangoti duu, moti padamveka mphepo m'mitengo ya paini kumtunda. Pamene "mulipo" adagwa, amayi awiri amene ankasesa panja adapezeka atagwada ndi matsache awo. A Issa, ogulitsa nsalu m'tauni, Msilamu wa kumzikiti weniweni, adali atatsika panjinga pamsewu, ndipo sadakwerenso mpaka nyimbo itatha.

Marita adafika kunyumba akuthamanga ngati mtsikana.

"Ikumveka bwanji?" adafunsa a Rafaelo.

"Sindingathe kunena. Thupi lonse lachita tsemwe. Ndimaona ngati wina walowa m'tchalitchimo amene sitidamuone polowa."

"Usandinamize pondimvera chisoni."

"Ndikunamizeni chifukwa chiyani? Koma mverani, bambo a Monika." Adatsitsa mawu. "Kwatsala besi. Musaipereke msanga. Achimwene akukusungani pano chifukwa cha besiyo basi. Mukaitula lero, mawa ngolo ili pakhomo. Isungeni mpaka Loweruka lomaliza."

A Rafaelo adaseka, kuseka kwake n'kusanduka chifuwa. Atapuma adati, "Ndikudziwa. Ukuganiza kuti sindiwadziwa alamu anga? Koma besi imeneyi njovuta, siyolowa tsiku limodzi. Ndikaibisa adzaimba zokhota pamaso pa Mulungu ndi pa anthu, ndiye ine ndidzamva chiyani? Bwera kuno, tchera khutu."

Marita adalira, koma khutu adatchera. Madzulo ake adapita nayo kwa mchimwene wake. Besi ya kwaya yonse idali ya anthu atatu, a Gervazio ndi ana awiri a mayi awo aang'ono, Damiano ndi Alufeo, onse ocheka matabwa kuphiri, a zifuwa ngati migolo. Adaiphunzira atakhala pamtengo wogwa, mlongo wawo ataimirira patsogolo pawo. A Gervazio itawalowa adatseka maso.

"Koma alamuwa ali ndi mutu," adatero. "Pamene timaimapa ndiye pali nzeru. Munthu umamva ngati waima m'mphepete mwa phompho."

"Mukawauze nokha. Nyumba yake mukuidziwa."

"Ndidzapita," adayankha, koma sadapite.

Sabata yotsatira nyimbo idapsa. Mbiri yake idafika mpaka ku Linthipe, ndipo amayi a kumphakati adayamba kusoka mayunifolomu ndi kupuntha chimanga cha alendo. A Rafaelo nawo ankangotsika. Lachisanu la sabata ya chikondwerero adatsokomola magazi, ndipo wina amene adaona Marita akutsuka beseni adakanena. Dzuwa lisadalowe a Gervazio adali pabwalo.

"Mawa m'bandakucha tikunyamuka."

"Achimwene, kwatsala tsiku limodzi lokha!"

"Ndiye vuto lakelo. Akatisiya mawa kapena Lamulungu m'mawa, banja lonse tikhala pamaliro, besi yonse palibe. Misa imene avutikira eni akewo isokonekera. Ukufuna zimenezo?"

"Ndiye mukuwachotsa kuti nyimbo yawo iyende bwino?"

"Ndikuchita zoyenera. Udzawaperekeza, udzabwera madzulo."

"Nyimbo mwatenga, denga mwatenga, mphamvu zawo mudadya. Chatsala n'chigoba chabe, ndiye mukukataya kwa eni ake. Mulungu amene mukamuimbire mkujayo akukuonani, achimwene."

A Gervazio adachoka. Cholinga chawo chidali chodutsa anthu asadadzuke, pakuti munthu amene akuti akuchita zoyenera nayenso amadziwa nthawi yopanda mboni. Koma kutacha adapeza tayala la ngolo litaphwa. Pofuna pampu, mwini pampu adali atapita kudimba. Pomwe ankamanga ng'ombe m'goli, dzuwa lidali litatuluka kale ndipo nkhungu inkayalula m'zigwa.

Adalowa atatu kukawanyamula. Aka kadali koyamba a Gervazio kuwaona alamu awo chapafupi chigonereni, ndipo adadzidzimuka ndi kupepuka kwake. Munthu amene ankasenza yekha mtanda wa denga adali ngati mtolo wa mapesi. Adawagoneka pamatiresi m'ngolo, mutu pamiyendo ya Marita. Damiano adagwira chingwe kutsogolo, Alufeo kumbuyo, a Gervazio pambali ndi chikwapu. Ngolo idanyamuka.

Msewu wa ku Kaphuka umadutsa kumbuyo kwa tchalitchi, ndipo wina kulibe. Loweruka limenelo a Vinsenti adaitana kwaya m'mawa kuti ipukute komaliza. Adadikira a besi mpaka kutopa, kenaka adati tiyeni tiyambe, atipeza. Ngolo itafika pa mitengo ya bulugamu, ng'oma idagunda, sopulano idanyamuka.

A Rafaelo adatsegula maso. "Imani."

"Tachedwa kale, alamu," adatero a Gervazio.

Koma Damiano adali ataimitsa kale ng'ombe. Nyimbo inkatuluka m'mazenera n'kutsetsereka ndi mtunda, aluto italowa, tena ikuzungulira. Nkhope ya wodwalayo idasintha, idakhala ngati ya mwana amene waona moto wa tchire koyamba. Milomo yawo inkatsatira. Nyimbo idakwera mpaka pa "Inu," n'kuduka.

"Aimiranji?" adanong'ona. "Alakwitsa. Pamenepa sipoima, mzerewo umapitirira."

"Ndi mmene munkandipatsira, bambo a Monika."

"Ine?"

"Nthawi zonse mukafika pamenepo munkaima."

A Rafaelo adamuyang'ana mkazi wawo nthawi yaitali. Kenaka misozi idatsika m'mbali mwa maso kulowa m'makutu. "Mayi a Monika, sikudali kuima kumene kuja. Mpweya unkandithera."

Marita adagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndaononga nyimbo yanu."

"Khala chete, ndimve." M'tchalitchi adali atayambiranso. Adamvetsera mpaka pamalo paja, chete uja adabweranso, wautali, wolemera, ndipo "mulipo" adagwa ngati mvula yoyamba. "Ayi," adatero. "Sudaononge. Ine sindikadaiganiza chonchi. Iyi si yanganso." Adapuma. "Koma ilibe pansi. Besi ili kuti?"

Besi yonse ya parishi idali itaima mumsewu mozungulira ngolo, wina ndi chingwe, wina ndi chikwapu. Alufeo adayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Alamu," adatero a Rafaelo, "ndidakupemphani chinthu chimodzi chokha pamudzi panu. Akayambiranso, lowani."

A Gervazio adafuna kukana, koma ng'oma idagunda kachitatu ndipo pakamwa padatseguka pokha, monga zimachitikira munthu amene waimba moyo wake wonse. Damiano adalowa, Alufeo adalowa. Mawu atatu aakulu adayala pansi pa nyimbo ija, ndipo zonse zimene zinkauluka m'mwamba zidapeza pokhala. Ndaimvapo nyimbo imeneyi kambirimbiri kuchokera nthawi imeneyo, m'tchalitchi chodzaza, ndi maluwa ndi lubani, koma amene adaimva m'mawa umenewo amati sidamvekenso choncho. Ng'ombe zidasiya kugwedeza michira. Mayi wina amene ankachokera kuchitsime adatula ndowa pansi n'kuchita chizindikiro cha mtanda. M'katimo a Vinsenti adamva besi ikuchokera kumene kulibe munthu, tsitsi lidawaima, koma dzanja sadatsitse.

Adafika pa "Inu," onse adaima, a m'kati ndi a kunja. Mu chete mmenemo, a Gervazio, amene adali atatsamira ngolo, adamva kaphokoso pafupi ndi chigongono chawo. Kadali kukoka kwa mpweya, kovuta, kolira ngati sowo yobuntha m'thabwa lauwisi. Kadayamba pomwe nyimbo idaima, kadatha pomwe nyimbo idayambiranso, osapitirira, osaperewera. Pamalo otsatira zidachitikanso chimodzimodzi. Apo ndi pamene adadziwa chimene akhala akuchiyamikira masabata onsewa atatseka maso. Anthu onse aja, amene adakana kuponda pakhonde la wodwala kuopa mpweya wake, adali atauphunzira mpweyawo pamtima, ndipo ankapuma naye limodzi.

Nyimbo itatha, chikwapu chidali pansi.

"Damiano, tembenuza ng'ombe," adatero a Gervazio. "Tikubwerera kunyumba."

"Kunyumba kwa yani, alamu?" adafunsa a Rafaelo. Sadafunse mokwiya, adangofunsa.

A Gervazio adaweramitsa mutu, ndipo a Rafaelo adapitiriza.

"Ndaimva, ndipo Mulungu adandipatsadi. Chimene ndinkadikira n'chomwechi. Mwandinyamula kale kamodzi, thupili silingalole kawiri. Tiyeni, amayi anga akandione ndikadali ndi maso. Koma mukawauze aphunzitsi kuti asakonze kanthu. Aziima pomwepo."

Marita adawakonzera bulangete, n'kunena osayang'ana mchimwene wake, "Madzulo musandidikire. Monika akagone kwa akazi anu, ine ndibwera zikatha."

Pamene a kwaya ankatuluka kudzaona kumene besi inkachokera, ngolo idali itakhota kale kuseri kwa mitengo.

Lamulungu tchalitchi chidadzaza mpaka anthu ena adakhala pa udzu panja. Atatu aja adali pamalo awo, maso ali psuu ndi ulendo. Misa idayenda bwino kuyambira nyimbo yolowera, amayi akululutira, ana ovina atavala zoyera. Koma itafika nthawi ya Ukaristia, nthungululu zidatha zokha. Pa chete woyamba khamu lonse lidagwira mpweya osauzidwa, ngakhale makanda kumbuyo adangoti phee. Anthu ankapita kukalandira akuyenda monyang'ama, ena misozi ili m'masaya osadziwa chimene akulirira. Nkhalamba ina ya ku Linthipe idati yapemphera m'matchalitchi ambiri, koma lero ndiye yachita mantha ndi Mulungu.

Asadapereke dalitso lomaliza, bambo mfumu adaima kutsogolo kwa guwa, nawonso mawu atawachepera.

"Abale anga, mwamva nokha. Amene adatipekera Misa imeneyi, a Rafaelo, ali gone kunyumba, ndipo ine ndachita manyazi kuti ndatanganidwa ndi zokonzekera osakawaona. Tisadye chakudya tisadakonze chimenechi. Tikatuluka pano tonse, kwaya, ng'oma, alendo, tipita pakhomo pawo. Ndiwatengera Ukaristia, ndipo tikawaimbira nyimbo yawo kuti aimve ndi makutu awo."

Alendo adaomba m'manja, nthungululu zidabuka. Anthu a m'mudzi mwathu, amene ankadziwa, adaweramitsa mitu.

"A Gervazio," adapitiriza bambo mfumu akumwetulira, "ndinu wapampando, ndinunso mlamu wawo. Bwerani kutsogolo kuno mutitsogolere njira."

A Gervazio adaimirira. Tchalitchi chonse chidatembenukira kwa iwo, chikudikira. Adatsegula pakamwa kuti anene kumene kuli alamu awo, ndipo munthu wa mawu aakulu kuposa onse m'parishi adaima choncho pamaso pa anthu, mpweya utawathera.